Tisanameze M'bulu wa ku China, Tifunse Unyolo Wake

Chaka chatha m'nyengo ya mvula, mwana wa mchemwali wanga adagwa pa njinga yamoto ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Mnyamatayu adachoka kwathu ku Nkhotakota kudzayendetsa kabaza, monga achitira anyamata ambiri a kunyanja nsomba zikayamba kuvuta. Tsiku limenelo helemeti adaisiya pa msomali. Atagwa adakomoka kanthawi kochepa, kenaka adadzuka, n'kudzisasa matope, n'kukankha njinga yake mpaka kunyumba. Adaswali Maghrib pamodzi nafe. Nditamufunsa adangoti, "Amalume, ndi mutu chabe, ndikagona usiya." Pofika nthawi ya Isha adali atasanza kawiri, ndipo lilime lake lidayamba kulemera ngati la munthu wogwidwa ndi tulo.

Tidathamangira naye kuchipatala usiku womwewo. Madokotala adatsegula chigaza n'kuchotsa magazi amene adaundana pamwamba pa ubongo, ndipo mwa chifundo cha Allah adatuluka wamoyo. Koma adagona masiku angapo osatsegula maso.

Tsiku lachitatu mbale wathu wina adabwera ndi mlendo wovala kofia, wodziwa kupereka salaamu. M'chikwama mwake mudali kabokosi kofiira kolembedwa Chitchaina, ndipo m'katimo mudali m'bulu wozungulira wokutidwa ndi golide wopyapyala. Adati tiusungunule m'madzi, timumwetse mwanayo ndi supuni, adzuka. M'bulu umodzi K150,000, ndipo pafunika itatu. Adationetsa pa foni nkhani ya mtolankhani wina amene, malinga ndi iye, madokotala a ku England adamulephera koma m'bulu womwewu udamudzutsa. Pomaliza adatikumbutsa mawu otchuka aja onena kuti maphunziro tiziwafuna ngakhale ku China, n'kuti adanena ndi Mtumiki.

Mchemwali wanga adafuna kutumiza uthenga kumudzi kuti agulitse injini ya bwato. Ine ndidakana. Adandiyang'ana misozi ili m'maso nati, "Achimwene, mwana wanga afe chifukwa mukuumira ndalama?" Funso limenelo lidandilasa, ndipo yankho limene ndidalephera kulilongosola pakhonde la wodi tsiku lija ndi limene ndikulemba pano, chifukwa makabokosi amenewa akuyenda m'makomo athu kuyambira ku Mangochi mpaka ku Karonga, ndipo mawa adzagogoda pa khomo lanu.

Chimene chimachitika m'mutu wovulala

Chigaza cha munthu wamkulu ndi bokosi la fupa losatambasuka. M'kati mwake muli ubongo wolemera pang'ono kuchepera kilogalamu imodzi ndi theka, magazi oyenda m'mitsempha, ndi timadzi tozungulira ubongowo. Malo otsala palibe. Mwendo ukavulala umatupa momasuka chifukwa khungu limatambasuka, koma ubongo ukatupa, kapena mtsempha ukang'ambika magazi n'kuyamba kudikha m'katimo, ubongo umapanikizika mpaka kufinya mbali imene imalamulira kupuma.

Chakumtunda kwa khutu fupa ndi lopyapyala, ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi othamanga. Ukaduka, munthu atha kudzuka, kuyankhula, kudya ngakhale kuswali, magazi ali kudzaza pang'onopang'ono. Pakapita maola angapo amagona tulo tosadzuka. Mwa okalamba, timitsempha tina timadontha mwakachetechete moti agogo amene adagwa pa chitsime mwezi watha amayamba kusokonezeka nzeru lero, achibale n'kumati ndi ukalamba kapena majini.

Palibe tsamba, muzu kapena khungwa, la ku China kaya la m'nkhalango ya Chikangawa, limene lingatulutse magazi oundana pansi pa fupa m'maola ochepa amenewo. Chofunika ndi mpweya wokwanira, kuthamanga kwa magazi kosatsika, mankhwala oletsa kukomoka kwa khunyu, namwino woyang'ana maso ndi kayankhidwe ka wodwala ola ndi ola, ndipo pena mpeni wa dokotala. Anamwino ali ndi muyeso wa manambala kuyambira 3 mpaka 15, umene madokotala awiri a ku Glasgow adaukonza mu 1974, woonetsa ngati wodwala akukwera kapena akutsika. Kunyumba palibe amene angaone kutsikako nthawi idakalipo. Komanso munthu wokomoka sameza bwino: chimene mwamumwetsa ndi supuni chitha kulowera m'mapapo n'kumupatsa chibayo pamwamba pa bala la m'mutu.

Za m'kabokosi

M'bulu wa golide uja uli ndi dzina. Umatchedwa Angong Niuhuang Wan, ndipo kapangidwe kake kadalembedwa ndi sing'anga Wu Jutong m'buku la 1798 lonena za matenda otentha thupi. Kupatula zitsamba, mumalowa mwala wa mu ndulu ya ng'ombe, nyanga ya njati ya kumeneko, ndi miyala iwiri yoperapera: wina wofiira wokhala ndi mercury, wina wokhala ndi arsenic. Zonse ziwirizi ndi ziphe zodziwika, ndipo ngakhale ku China komweko m'buluwu saumwa mwachisawawa kapena kwa nthawi yaitali.

Gulu lina la mankhwala a ku China amene amatchulidwa pa kuvulala kwa mutu ndi la zitsamba zimene eni ake amati zimayendetsa magazi ndi kusungunula oundana. Mwa izo muli muzu wofiira wa danshen ndi msakanizo wa Xuefu Zhuyu, umene Wang Qingren adaulemba mu 1830. Za danshen n'zodziwika bwino kuti amawonjezera kukha magazi mwa anthu amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi otchedwa warfarin. Tsono taganizani nokha: munthu amene mtsempha wake ukudontha m'mutu, ife n'kumupatsa chinthu choletsa magazi kugwirana. Zili ngati kuona bwato likulowa madzi, ife n'kutenga sompho kukulitsa mng'aluwo.

Sikuti chilichonse chotchedwa chachilengedwe n'chofatsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 ku Belgium adaonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi amene mudalowa chitsamba cha ku China cha mtundu wa Aristolochia m'malo mwa china cha dzina lofanana nacho. Ambiri adafunika makina osefa magazi kapena impso ina, ndipo ena adadwala khansa pambuyo pake. Ngati izi zidachitika ku Ulaya, kumene oyeza mankhwala ndi ochuluka, kuli bwanji kabokosi kochokera m'chikwama cha munthu pa depoti, kolembedwa m'chinenero chimene iye mwini sangachiwerenge? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo ife Asilamu tili ndi funso lina. Timatembenuza paketi ya soseji kufunafuna chidindo cha halaal, koma mankhwala osawerengeka timameza osafunsa. Ena mwa mankhwala a ku China amaviikidwa mu mowa, ndipo ena, monga otchedwa Qingkailing, ali ndi chopangira chochokera mu ndulu ya nkhumba. N'zoona kuti ma ulama ambiri amalola mankhwala okhala ndi choletsedwa pa nthawi ya dharura, koma amaika malire: pakhale palibe ena ololedwa, ndipo dokotala wodalirika atsimikize kuti amathandizadi. Wogulitsa amene apindule ndi ndalama zanu sangakhale mboni pa mlandu wake womwe.

Mtolankhani wa pa foni uja

Nkhani imene mlendo adationetsa idachitikadi, koma adaidula miyendo. Pa 10 May 2002 sitima yapamtunda idachita ngozi ku Potters Bar, kumpoto kwa London, ndipo anthu 7 adafa. Mwa ovulala kwambiri mudali Liu Hairuo, mtolankhani wa kanema wa Phoenix. Adasamalidwa milungu ingapo m'chipinda cha odwala kayakaya ku London, kenaka adamutengera ku chipatala cha Xuanwu ku Beijing, m'manja mwa madokotala a opaleshoni ya ubongo. Kumeneko adalandira chisamaliro chonse cha chipatala chamakono, ndipo pambali pake adapatsidwanso mankhwala achikuda a kwawoko, kuphatikizapo m'bulu uja. Patapita nthawi adatsitsimuka.

Ndani adamudzutsa? Makina opumira, mankhwala opha tizilombo, anamwino amene adamutembenuza usana ndi usiku, nthawi imene ubongo umafuna kuti uphwe, kapena m'bulu? Pa munthu mmodzi wolandira zinthu makumi awiri nthawi imodzi, palibe angaloze chimodzi n'kulumbira. Muazini akaitana Fajr kunja n'kuyera, sitinena kuti mawu ake ndiwo atulutsa dzuwa. Ubongo wovulala umadzikonza wokha pang'onopang'ono, makamaka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo amene wabweretsa botolo m'nyengo imeneyo ndiye amalandira ulemu wa ntchito imene sadagwire. Za amene adamwa m'bulu n'kumwalira, palibe amajambula kanema.

Ku China komweko, munthu akagundidwa ndi galimoto samutengera kwa wogulitsa zitsamba. Amamuunika m'mutu ndi makina n'kumupereka kwa dokotala wa opaleshoni. Ngakhale kafukufuku wochuluka wa kumeneko woyamikira zitsamba pa kuvulala kwa mutu amayerekeza odwala olandira chithandizo cha chipatala chokha ndi olandira chithandizo chomwecho kuwonjezerapo zitsamba. Chipatala chilipo mbali zonse ziwiri. Wogulitsa wa ku Mzuzu akugulitsa chowonjezera ngati kuti ndicho chakudya chonse.

Kafukufukuyo nayenso ali ndi zilema, ndipo adaziulula ndi Matchaina eni ake. Mu 2009 Wu Taixiang ndi anzake a ku Chengdu adasindikiza zimene adapeza atafunsa mmodzimmodzi olemba oposa 2,000 a malipoti amene adati adagawa odwala mwa maere, monga malamulo a kafukufuku afunira. Osakwana 10 mwa 100 aliwonse ndiwo adachitadi zimenezo.

Unyolo wa umboni

Wina ati, "Iwe ukudana ndi Matchaina, ukukweza mankhwala a azungu." Ndikukana. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chidamangidwa ndi thandizo la Taiwan n'kutsegulidwa mu 2000, ndipo kuyambira 2008 boma la China limatumiza magulu a madokotala kudzagwira ntchito ku Lilongwe ndi kuno. Kuposa apo, nyumba iliyonse ya kunyanja ili ndi ngongole kwa chitsamba cha ku China. LA amene timapatsa ana athu akadwala malungo, yemwe dziko lino lidayamba kumugwiritsa ntchito mu 2007, adachokera ku tsamba la qinghao. Koma taonani njira imene tsambalo lidayenda. Mayi Tu Youyou ndi anzake adasanthula njira zakale zoposa 2,000 zochizira malungo, zambiri n'kupezeka zopanda ntchito. Mu 1971 adapeza chimene chidapha tizilombo ta malungo m'nyama zoyeserera. Adayamba wachimwa yekha asanapatse odwala. Pambuyo pake chidayezedwa mlingo wake, chidayesedwa pa anthu zikwizikwi m'mayiko ambiri, ndipo mu 2015 mayiyu adalandira mphoto ya Nobel. Tsambalo lidalemekezeka chifukwa lidalowa m'bwalo n'kupambana mlandu, pamene masamba ena mazana adagwa.

Bwalo lomwelo silikondera azungu. Kwa zaka zoposa 30 madokotala a m'mayiko olemera ankabaya ovulala mutu mankhwala a m'gulu la steroid, poganiza kuti achepetsa kutupa kwa ubongo. Maganizowo adali omveka bwino. Koma atayesa pa odwala 10,008, zotsatira zimene zidatuluka mu 2004 zidaonetsa kuti mwa 100 aliwonse olandira mankhwalawo, 21 adafa m'milungu iwiri, pamene mwa osalandira adafa 18. Mankhwala odalirikawo adali kupha, ndipo adasiyidwa. Mu 2019 kafukufuku wina wa odwala 12,737 m'mayiko 29 adaonetsa kuti mankhwala otsika mtengo othandiza magazi kugwirana, tranexamic acid, akaperekedwa asanathe maola atatu amapulumutsa ena mwa ovulala mutu amene sadafike pothera penipeni. Onani kuti chimene chidapezeka chothandiza ndi choumitsa magazi, chosiyana kotheratu ndi zitsamba zoyendetsa magazi zija, ndipo nthawi yake ndi maola atatu. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Kafunsidwe kotere si kachilendo kwa Msilamu. Ndife anthu a isnad. Munthu akati Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adanena chakuti, timafunsa: wamva kwa yani, iyeyo adamva kwa yani, adakumanadi, adali oona, adali osunga bwino? Ma imamu a hadith adayenda zipululu kutsata unyolo umenewu, ndipo adataya nkhani zambiri zokoma m'khutu chifukwa mphete imodzi idali yothyoka. Mawu a ku China amene mlendo uja adatiuza ndi amodzi mwa otayidwawo: Ibn Hibban adawakana, ndipo Ibn al-Jawzi adawaika m'buku lake la ma hadith opeka. Munthuyo adagulitsa mankhwala opanda unyolo pogwiritsa ntchito hadith yopanda unyolo. Ndipo ngakhale mawuwo akadakhala oona, akunena za kufuna kudziwa. Kugula chimene sukuchidziwa ndi kusemphana nawo.

Madokotala athu akale adayenda m'njira yomweyi. Ibn Sina, amene adamwalira mu 1037, adalemba malamulo oyesera mankhwala: akhale osasakanizika ndi china, ayesedwe pa matenda amodzi, zotsatira zibwerezeke kawirikawiri, ndipo ayesedwe pa munthu weniweni. Al-Zahrawi wa ku Cordoba, amene adamwalira cha m'ma 1013, adalongosola mitundu ya kusweka kwa chigaza ndi kujambula zipangizo zoboolera fupa popanda kulasa ubongo. Zaka chikwi zapitazo Msilamu adadziwa kale kuti fupa lopanikiza ubongo limafuna dzanja la dokotala. Ife zidzukulu zake tikugulitsa injini kuti tigule kabokosi.

Mlandu wathu ife eni

Ndisabise mbali imene wogulitsa amaponda. Madokotala a opaleshoni ya ubongo m'dziko muno ndi owerengeka pa zala, ndipo ntchito yawo yaikulu ili ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Lilongwe, makilomita oposa 300 kuchokera kuno. Wovulala wa ku Chintheche kapena ku Usisya ali ndi ulendo wautali asanaone ngakhale chipatala chachikulu cha boma. Gadiyani amagona pansi, ndalama zimatha, dokotala amayankhula mawu awiri n'kupita kwa wodwala wina, pamene wogulitsa amakhala nawe pa mkeka ola lathunthu, kukutchula mayi, kukulonjeza. Mayi wosweka mtima sagula mankhwala okha, amagulanso munthu womumvera. Ichi n'chifukwa chake sindidzudzula mchemwali wanga. Ndikudzudzula amene amadya pa misozi yake, ndi ife amene tidamusiya yekha mpaka wogulitsa adakhala mtonthozi wake.

Kutalika kwa chipatala ndi chifukwa chonyamukira msanga. Ndalama za mibulu itatu zija zikadalipira galimoto, chakudya cha gadiyani ndi maulendo a mafizo kwa miyezi. Choncho ndikupempha zinthu zooneka. Makomiti a mizikiti asunge thumba la sadaka la mayendedwe a ovulala, kuti pasapezeke banja lodikira kucha chifukwa chosowa mafuta. Masheikh athu asalole kuti pakhomo la mzikiti tsiku la Ijumaa pakhale msika wa mankhwala olonjeza kuchiza chilichonse, pakuti amene wagula pamenepo amayesa kuti mzikiti wavomereza. Wina akakubweretserani botolo, mufunseni ngati lidalembetsedwa ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo mulitengere kwa dokotala wa wodwalayo musanatsegule. Safunsa adadya phula.

Banja lililonse lidziwe zizindikiro izi monga lidziwira nthawi za swala. Munthu wagunda mutu n'kukomoka ngakhale kamphindi, kapena sakumbukira chimene chachitika, akusanza mobwereza, mutu ukunka nukula kupweteka, akuodzera mosadziwika bwino, akuyankhula zosokonekera, mkono kapena mwendo wafooka, wagwa ngati wakhunyu, mwana wa diso limodzi wakula kuposa mnzake, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kaya timadzi: ameneyo apite kuchipatala nthawi yomweyo, khosi lake losapindidwa ponyamula, ndipo asamwetsedwe kanthu. Dua tichite tili m'galimoto.

Ena amati helemeti ndi kuchepa kwa tawakkul, tsiku likakwana lakwana. Awerenge mbiri ya nkhondo ya Uhud. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), amene kuyedzamira kwake mwa Allah palibe angakufikire, adalowa m'nkhondoyo atavala chisoti chachitsulo. Chisoticho chidaphwanyika pamutu pake, nkhope yake idavulala, ndipo mwana wake Fatima ataona kuti madzi akungowonjezera magazi, adatentha chidutswa cha mkeka n'kuika phulusa pa bala mpaka magazi adaleka. Adateteza mutu asanavulale, ndipo atavulala a m'nyumba mwake adayang'ana chimene chikuthandiza n'kusiya chimene sichikuthandiza. Ma ulama amawerenga kusunga moyo ndi kusunga nzeru pakati pa zolinga zisanu za Shariah, ndipo zonse ziwirizi zimakhala m'chigaza. Mnyamata wokweza anthu pa njinga popanda helemeti, ndi ife okwera osafunsa, tikuseweretsa amana imene tidzafunsidwa.

Mwana wa mchemwali wanga adatsegula maso tsiku lachisanu ndi chimodzi, osalawa m'bulu. Tikadamumwetsa tsiku lachitatu lija, lero bwenzi dzina lake likuyenda pa WhatsApp ngati umboni, ndipo banja lina bwenzi litagulitsa chilimira chifukwa cha ife. Kuchira kwake sikudali kwa msanga. Dzanja lamanja likadali lofooka ndipo amapita ku mafizo. Amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, zimene madokotala adatichenjeza kuti zimachitika ubongo ukavulala, ndipo mabanja okumana ndi zotere kuno ali ndi kopita, pakuti a St John of God amathandiza pa za maganizo. Ma surah ena amene adaloweza ku madrasa adamuthawa, ndipo akuwabwereza limodzi ndi ana anga madzulo, ayah imodzi imodzi. Injini ija ikadali pa bwato ku Nkhotakota, ndipo usipa umene imabweretsa ndiwo ukulipira ulendo wake wa kuchipatala mwezi ndi mwezi.

Wochiritsa ndi Allah yekha, ndipo Iye ndi amene adatipatsa nzeru zofunsira. Iye ndiye Wodziwa koposa.